Msonkhano musauitanitse nthawi yothyola tiyi

Anzanga amene mukumenyera nkhani ya malo kuno ku Thyolo, musamafulumire kunena kuti anthu ndi ogona. Ine ndinaitanitsa msonkhano mu Januwale pansi pa mtengo wa mango, kunabwera anthu asanu ndi galu mmodzi. Ndinapsa mtima, pang'ono kusiya zonse. Komatu Januwale anthu amalawirira ku esiteti dengu lili kumsana, ndipo m'nyumba muli njala. Dikirani akolole kaye, cha mu Meyi kapena Juni. Uthenga apatseni amfumu, aulengeze pamaliro kapena potuluka m'tchalitchi. Tsiku la msika wa Bvumbwe musayese n'komwe.

Musamasenzenso zonse nokha. Kalata yopita kwa DC alembe wina, inu Loweruka zimitsani foni mugone.