Momwe wophunzira wa kukoleji angadutsire tchuthi chachitali ndalama zili zochepa

Anthu ambiri amaganiza kuti tchuthi chachitali ndi nthawi yopuma kwa wophunzira wa kukoleji kapena kuyunivesite, koma kwa amene amadalira ngongole ya maphunziro, thandizo la bungwe kapena kangachepe kochokera kwa makolo, miyezi imeneyi ndiyo yowawa kuposa ina yonse pachaka. Chifukwa chake n'chosavuta kumvetsa. Ndalama zothandizira ophunzira zimabwera potsata chaka cha sukulu, pomwe njala, lendi ndi matenda sizidziwa kuti sukulu yatseka. Mayeso akangotha, malo odyera a pasukulu amatsekedwa, tintchito ta m'laibulale ndi m'maofesi timaima, m'hositelo mumafunika kutulukamo, ndipo intaneti yaulere imene munkafunsirapo ntchito imatsala komweko. Ku England, mwachitsanzo, ngongole yothandizira wophunzira pa moyo wa tsiku ndi tsiku imaperekedwa m'magawo atatu, kumayambiriro kwa teremu iliyonse, kotero kuti gawo lomaliza, limene limafika cha mu Epulo, limayenera kumufikitsa munthu mpaka mu Seputembala kapena Okutobala. Maiko amasiyana malamulo, koma vutoli ndi limodzi: ndalama zimaleka kubwera pa nthawi imene zofunika kulipira zikupitirira.

Ntchito yoyamba ndi kuwerenga masabata, ndipo iyenera kuchitika mayeso asanathe, makamaka patatsala mwezi umodzi kuti sukulu itseke. Musawerenge kuchokera tsiku lotsekera kufika tsiku lotsegulira ayi. Werengani kuchokera tsiku limene mudzalandire ndalama zomaliza kufika tsiku limene ndalama za chaka chatsopano zidzalowedi m'akaunti mwanu. Pamenepa ndi pamene ambiri amapunthwa, chifukwa ndalama zimenezi kawirikawiri zimatuluka pokhapokha sukulu ikatsimikiza kuti mwalembetsa ndipo mwayamba kuphunzira, ndiye zimatha kuchedwa ndi sabata imodzi kapena awiri. Tchuthi cha masabata 12 chimasanduka cha masabata 14 pa nkhani ya ndalama, ndipo masabata awiri omalizirawo ndi amene amafuna zambiri: ulendo wobwerera kusukulu, chikole cha nyumba yatsopano, ndalama yolembetsera, mabuku.

Mukadziwa kuchuluka kwa masabata, tengani pepala kapena kope, osati kungowerengera m'mutu, chifukwa mutu umakonda kuiwala zimene zikuutopetsa. Lembani ndalama zonse zimene muli nazo ndi zimene mukutsimikiza kuti zibwera. Lonjezo la m'bale amene anati aona chochita musalilembe, ndipo malipiro a ntchito imene simunaipeze musawalembenso. Pa ndalama zimenezo chotsani kaye zoyambira chaka chatsopano n'kuziika padera, m'akaunti ina ngati n'kotheka, kapena m'manja mwa munthu wokhulupirika amene sangachite manyazi kukukanizani mukazifuna nthawi isanakwane. Kenaka chotsani lendi ya miyezi yonse ya tchuthi ndi ndalama za mankhwala ngati muli ndi matenda ofuna mankhwala a tsiku ndi tsiku. Zotsalazo muzigawe ndi chiwerengero cha masabata. Nambala imene yatulukayo ikhoza kukuumitsani thupi, komabe ndi bwino kuiona mu Meyi, kapena mwezi uliwonse umene sukulu yanu imayandikira kutseka, pamene maofesi ali otsegula ndipo ntchito sizinathe kugawidwa, kusiyana ndi kudzaizindikira pakati pa tchuthi mphika uli mbee.

Nkhani ya pogona ndiyo imadya ndalama zambiri, choncho iyenera kuganiziridwa modekha. Kubwerera kwa makolo kapena kwa abale kumaoneka kotchipa, ndipo nthawi zambiri kumakhaladi kotero, koma muyerekeze bwino musanagule tikiti. Ngati kwanu kuli kutali ndiponso kulibe mwayi wa ntchito, mtengo wa ulendo wopita ndi wobwerera pamodzi ndi malipiro amene mukanapeza mutatsala zikhoza kuposa lendi ya miyezi iwiri. Ngati mukuchita lendi nyumba ya munthu, werenganinso pangano limene munasaina. Mapangano ambiri amakhala a miyezi 12, kutanthauza kuti mudzalipirabe chipinda chimene simukugonamo. Funsani mwini nyumba ngati angalole kuti wina akhalemo kwa miyezi imeneyi n'kumalipira, ndipo akavomera mupemphe kuti alembe chilolezocho, chifukwa kulowetsa munthu m'nyumba mwachinsinsi kukhoza kukulanditsani chikole chanu kapena kukuthamangitsitsani. Amene muli m'hositelo, funsani ngati pali zipinda zimene zimakhala zotsegula pa tchuthi. Masukulu ena amasungira malo ophunzira ochokera kunja, amene anakulira m'nyumba zosamalira ana amasiye, kapena amene sangathe kubwerera kwawo chifukwa cha mavuto a m'banja, koma salengeza kwambiri za malowa, ndipo amene wafunsa mochedwa amapeza atadzaza.

Pa nkhani yopempha thandizo ndikufuna kukhalitsapo pang'ono, chifukwa ndi pamene ndaona ophunzira akudzivulaza okha. Makoleji ndi mayunivesite ambiri ali ndi thumba la ndalama zothandizira ophunzira amene agwa m'mavuto adzidzidzi, ndipo ena amapereka chakudya, makuponi ogulira zinthu kapena ngongole yaing'ono yopanda chiwongoladzanja. Amene amaziyendetsa amapezeka mu ofesi yoona za umoyo wa ophunzira, mu ofesi ya zachuma kapena ku bungwe la ophunzira. Ndili pasukulu ndinali ndi mnzanga amene anatha masabata atatu akudya kamodzi patsiku, madzulo okha, n'kumamwa madzi ambiri masana kuti m'mimba mukhale chete. Tikamuitana kuti tikayende ankati akuwerenga. Tinadzazindikira pamene anakomoka pamasitepe, ndipo atapita ku ofesi ija anauzidwa kuti thandizo linalipo kuyambira kale, kungoti tsiku lomaliza lolandira mafomu a tchuthi linali litadutsa. Anamuthandizabe m'njira ina, koma njala ya masabata atatu ija inali yopeweka. Akuluakulu anati safunsa anadya phula. Ndalama zimenezo zinaikidwa chifukwa cha anthu onga inu, ndipo kuzipempha si kuvomera kuti mwalephera.

Popempha, fotokozani zinthu zogwirika. Kalata yongonena kuti mukuvutika siithandiza wogwira ntchito mu ofesi kupanga chiganizo, pomwe kalata yonena tsiku limene ndalama zanu zithe, tsiku limene zina zidzabwere, kuchuluka kwa zimene zikupelewera ndi zimene mwayesa kale kuchita imayankhidwa msanga. Konzeranitu chikalata cha kubanki chosonyeza kayendedwe ka ndalama zanu m'miyezi yapitayi, pangano la nyumba, kalata ya ngongole kapena ya thandizo lanu, ndi umboni wa vuto limene lagwa, monga kalata ya kuchipatala kapena yochotsedwa ntchito kwa amene amakulipirirani. Funsaninso ngati thandizo limene muli nalo kale lingagwire ntchito pa tchuthi. Ku United States, kuyambira mu 2017, wophunzira woyenerera akhoza kulandira Pell Grant yowonjezera, yomwe ndi thandizo la ndalama la boma kwa ophunzira ochokera m'mabanja opeza movutikira, ngati walembetsa maphunziro a m'nyengo ya tchuthiyi. Amene muli m'chaka chomaliza samalani kwambiri, poti ku England ngongole ya chaka chimenecho imakhala yocheperapo, chifukwa tchuthi chotsatira mayeso omaliza sichiwerengedwanso ngati mbali ya maphunziro.

Ntchito ya pa tchuthi imafunidwa sukulu isanatseke, chifukwa tsiku lotsekera likafika ophunzira mazanamazana amakhala akugogoda pa zitseko zomwezo. Yambani ndi pafupi: aphunzitsi amene ali ndi kafukufuku wofuna wothandizira, ofesi yolembetsa ophunzira atsopano, mahositelo amene amalandira alendo a misonkhano pa tchuthi. Kenaka yang'anani ntchito za nyengo, monga za m'malo odyera, m'mahotela, m'mashopu ndi m'minda, komanso kuphunzitsa ana a kusekondale amene akukonzekera mayeso. Musanavomere, funsani mafunso atatu osachita manyazi: malipiro ndi angati, adzaperekedwa liti, ndipo maola otsimikizika pa sabata ndi angati. Funso lachiwirilo ndi lofunika kuposa momwe limaonekera, popeza ntchito yolipira kumapeto kwa mwezi imatanthauza kuti mudzayenda ndi kudya za m'thumba mwanu kwa masabata anayi musanaone kanthu. Ntchito yophunzirirapo luso koma yosalipira ili ndi phindu lake, koma ine ndimati munthu amene alibe chakudya asaivomere yokhayokha. Mupemphe kuti akupatseni ndalama zoyendera ndi chakudya cha masana, kapena muigwire masiku owerengeka pa sabata kuti masiku enawo mugwire yolipira.

Wophunzira amene ali m'dziko la eni pa chitupa cha maphunziro ayenera kuwerenga malamulo a chitupacho asanayambe ntchito iliyonse. Ku United Kingdom ophunzira a digiri amaloledwa kawirikawiri kugwira ntchito maola osapitirira 20 pa sabata sukulu ili mkati, ndi maola onse pa tchuthi chovomerezeka, koma amene akulemba kafukufuku wa digiri yachiwiri m'miyezi imeneyi nthawi zambiri amawerengedwa kuti akadali pasukulu. Ku United States wa chitupa cha maphunziro chotchedwa F-1 angathe kugwira ntchito ya pasukulu pomwepo, koma ya kunja kwa sukulu imafuna chilolezo chapadera. Kuphwanya malamulowa kukhoza kuthetsa maphunziro onse, choncho funsani ofesi yoona za ophunzira ochokera kunja ndipo musunge yankho lawo lolembedwa.

Za kadyedwe sindinenapo zambiri, poti aliyense amadziwa zimene zimatchipa kumene ali. Gulani zakudya zouma zosaonongeka msanga mukangolandira ndalama, phikani nokha, ndipo ngati muli awiri kapena atatu otsala pamalo amodzi sonkheranani n'kumaphika mphika umodzi, chifukwa mutu umodzi susenza denga. Yang'ananinso pa foni ndi m'akaunti mwanu zinthu zimene zimadzidula zokha mwezi ndi mwezi, monga zoonerera makanema kapena zomvetsera nyimbo, n'kuziimitsa mpaka sukulu itatsegulidwa. Koma mankhwala ndi chakudya chokwanira musazichepetse. Munthu wodwala kapena wofooka ndi njala sagwira ntchito, ndipo mtengo wochira umaposa zimene anapulumutsa.

Pamene m'thumba mwauma ndi pamene anthu a katapila ndi akathyali amaoneka ngati abale. Ngongole za pa foni ndi za obwereketsa mwachangu zimatuluka m'mphindi zochepa, koma tayesani kuwerengera musanadine batani. Ngongole ya chiwongoladzanja cha 20 pa 100 iliyonse pamwezi, chikamaunjikana osabweza, imafika pafupifupi 173 pa 100 iliyonse imene munabwereka pakatha miyezi itatu, ndipo miyezi itatuyo ndiyo kutalika kwa tchuthi chanu. Ndalama za chaka chatsopano zikadzangolowa zidzapita kwa wobwereketsayo, ndipo njala ya pa tchuthi idzalowa nanu m'kalasi. Ngati kubwereka sikungapeweke, yambani ndi ngongole ya pasukulu yopanda chiwongoladzanja, kenaka kwa m'bale kapena mnzanu, ndipo mulembe kuchuluka kwake ndi tsiku lobweza kuti ubale usadzaonongeke. Chenjeraninso ndi ntchito zolengezedwa pa intaneti zimene zimafuna kuti muyambe mwalipira ndalama yolembetsera, kapena zimene phindu lake limadalira kukopa anzanu kuti alowe. Choopsa koposa ndi munthu amene akukupemphani kuti ndalama zake zidutsire m'akaunti mwanu inu n'kutsala ndi kagawo. Ndalama zotero kawirikawiri zimakhala zakuba, ndipo amene dzina lake lili pa akauntiyo ndi amene banki imamutsekera ndiponso apolisi amamufunsa.

Ngati muli kale ndi ngongole ya lendi kapena ya fizi, musathawe amene mukuyenera kuwalipira. Pitani kapena lembani tsiku lolipira lisanafike, nenani zoona, ndipo muwauze kuchuluka kwa zimene mungathe kupereka pa sabata kapena pamwezi, ngakhale zikhale zochepa. Mwini nyumba kapena ofesi ya zachuma imamvetsera bwino munthu amene wabwera yekha kusiyana ndi amene wasowa osayankha foni. Pa nkhani ya fizi, funsani mwachindunji ngati ngongoleyo ingakuletseni kuona zotsatira za mayeso kapena kulembetsa chaka chamawa, chifukwa masukulu ambiri amatero, ndipo kulephera kulembetsa kumachedwetsanso ndalama zimene mukuyembekezera.

Makolo ndi abale nawonso muwauze momwe zinthu zilili, makamaka ngati m'banja mwanu ndinu woyamba kufika kukoleji. Iwo akhoza kuganiza kuti wophunzira amalandira ndalama chaka chonse, mwinanso akuyembekezera kuti muwathandize mukafika. Atengereni pepala lija la masabata ndi nambala zake, mukhale nawo pansi, muwaonetse tsiku limene ndalama zomaliza zinabwera ndi tsiku limene zina zidzabwere, ndipo muwauze momveka kuti ndalama zimene mwaika padera ndi za ulendo wobwerera kusukulu, chikole cha nyumba ndi kulembetsa, ndipo siziyenera kukhudzidwa kufikira sabata yotsegulira.