Nsikidzi ndi nkhungu m'nyumba ya lendi m'mayiko ozizira

Nyumba zambiri za lendi kunja mumazipeza zili kale ndi bedi ndi matiresi, nthawi zina ndi nsikidzi zomwe. Musanamasule chikwama, tembenuzani matiresi muunike ndi tochi ya foni m'misoko yake, m'ming'alu ya bedi ndi kuseri kwa thabwa la kumutu. Yang'anani timadontho takuda ngati inki, zikopa zomwe nsikidzi zafundula, ndi timazira toyera totalika pafupifupi milimita 1. Mukazipeza, jambulani ndipo mumulembere mwini nyumba tsiku lomwelo, pa imelo osati pakamwa. Tsiku lochoka, mkangano wa dipoziti ukabuka, zithunzizo ndi zomwe zidzakhale mboni yanu.

Ambiri amathamangira mankhwala opopera a m'sitolo, ndipo apa ndi pomwe zimalakwika. Nsikidzi zambiri masiku ano sizifa ndi mankhwala a gulu la pyrethroid, omwe amapezeka m'mankhwala ambiri opoperawa, choncho kupopera kumangozibalalitsa, zina n'kukalowa m'zipinda zina ngakhalenso kwa aneba. Chozipha pamodzi ndi mazira ake ndi kutentha. Zofunda ndi zovala muziike m'matumba apulasitiki m'chipinda momwemo, mumange kukamwa, mukamasulire pa makina ochapira. Chapani pa madigiri 60, kenako muumitse m'makina oumitsira pa moto waukulu kwa mphindi 30 kapena kuposerapo. Zosachapika, monga nsapato, zikhale masiku 4 m'firiji youmitsa pa madigiri 18 pansi pa ziro. Bedi lipopeni ndi makina okoka fumbi, zotulukazo mukataye panja zili m'thumba lomanga. Kenako likokeni lisakhudze khoma, ndipo zofunda zisagunde pansi.

Musasamukire pa sofa. Nsikidzi zimatsata mpweya umene munthu amapuma ndi kufunda kwa thupi, ndiye zikutsatirani n'kukhazikikanso pabalaza. Kutseka chipinda kuti zife ndi njala n'kudzinamiza, chifukwa zimatha miyezi ingapo osayamwa magazi. Mazira amaswa pakatha masiku 6 mpaka 10, n'chifukwa chake akatswiri opha tizilombo kawirikawiri amabweranso kachiwiri patapita masabata awiri. Mukaona bata sabata yoyamba musayese kuti zatha. Za matiresi abwinobwino otayidwa m'mbali mwa msewu, asiyeni pomwepo, mwiniwake sanawataye chabe.

Nkhungu yakuda ya m'makona ndi m'mawindo nthawi zambiri sibwera chifukwa cha denga lodontha. Ndi nthunzi ya m'nyumba momwemo, yochokera kophika, kosamba ndi ku zovala zoyanika pa hita, yomwe imasanduka madzi ikakhudza khoma lozizira. Munthu wosazolowera chisanu amatseka paliponse kuti afunde, osadziwa kuti akutsekera chinyontho m'kati. Tsegulani mawindo kwa mphindi 10 m'mawa uliwonse ngakhale kuzizire bwanji, vundikirani mapoto, yatsani fani ya kubafa, ndipo wodiropu italikirane ndi khoma masentimita 5 mpaka 10. Kachipangizo koyezera chinyontho kakamapitirira 60 peresenti, pakufunika mpweya wina. Popukuta nkhungu valani magolovesi, ndipo bulichi musamusakanize ndi viniga kapena amoniya, mpweya wotulukapo ndi wa poizoni. Khoma likamakhala lonyowa pamalo amodzi ngakhale mukuchita zonsezi, mwina paipi ikudontha m'kati, ndipo imeneyo ndi nkhani ya mwini nyumba.

Pomaliza, za ulendo nyengo yachisanu. Kuzimitsiratu hita pofuna kupulumutsa ndalama kumaphulitsa mapaipi, chifukwa madzi akaundana amafufuma ndi pafupifupi 9 peresenti. Siyani hita pa madigiri 12 kapena kuposerapo, ndipo mutseke valavu yaikulu ya madzi. M'nyumba zambiri imakhala kunsi kwa sinki ya kukhitchini. Ipezeni lero muiyese ngati ikutembenuka, popeza ikakhalitsa osagwidwa imauma.