Aphunzitsi Ayambe Asewera Okha Asanakaphunzitse Sewero

Inu amene mumatsogolera misonkhano yosula aphunzitsi (CPD) m'masukulu a sekondale kuno ku Chipata, Katete ndi Chadiza, mukaitana aphunzitsi a Literature kuti muwasule kaphunzitsidwe ka masewero akale, musayambe ndi manotsi pa bolodi. Kankhirani madesiki kukhoma, kapena tulukani mukasonkhane pansi pa mtengo wa mango.

Tengani sewero la Julius Caesar, lolembedwa ndi Shakespeare. Anthu a ku London ankalionera mu 1599 masanasana, pa bwalo lopanda denga pakati, ambiri ali chilili mozungulira nsanja. Amene anaonererapo Gule Wamkulu pa Kulamba ku Mkaika sangadabwe nazo. Nanga bwanji ife timangoimika mwana mmodzi kuti aziwerenga, anzake onse akuodzera?

Yambani ndi maliro a Caesar. Goneketsani jekete pa desiki, ndiwo mtembo. Mphunzitsi mmodzi akhale Brutus, mmodzi mwa amene anapha Caesar, wina Antony, mnzake wa Caesar, otsala onse khamu la ku Rome. Brutus akatha kulankhula, khamu liime kumbali yake. Tsopano Antony ayambe, ndipo aliyense asendere kwa iye phazi limodzi pamene mawu amukhudza. Imitsani pakati, mufunse mmodzimmodzi: "Aphunzitsi, mwasendera chifukwa chiyani?" Wina adzati ndi pamene anatchula za wilo ya Caesar, wina pamene anaonetsa chovala chobowoka ndi mipeni. Ndipo onse adzamva ndi makutu awo mmene Antony akubwerezera kuti Brutus ndi munthu wolemekezeka, mpaka chitamandocho chitasanduka chipongwe. Pa pepala zimenezi ana ambiri saziona.

Kenaka khazikani Cassius, amene anakonza chiwembu chopha Caesar, pa mpando pakati, anzake amupanikize ndi mafunso, m'Chinyanja momwe: "A Cassius, nenani zoona, kanali kaduka kapena kukonda dziko?" Lamulo ndi limodzi: yankho lililonse alitsimikize ndi mzere wa m'buku. Popanda lamuloli, zimasanduka nthabwala chabe.

Padzapezeka aphunzitsi achikulire oti, "Ine pa msinkhu uno ndizivinavina pamaso pa ana?" Musawakakamize kulankhula. Apatseni kagulu ka anthu anayi, aumbe ndi matupi awo chithunzi cha kuphedwa kwa Caesar, aime njo osagwedezeka, ena alongosole zimene akuona. Manyazi amathera pamenepo. Za zovala musavutike nazo, chitenje chopachika paphewa chakwana.

Akumbutseni kuti mayeso a ECZ, bungwe loona za mayeso m'Zambia, ndi olemba, m'Chingerezi. Choncho pa phunziro lililonse asewere kachigawo kamodzi kokha, mphindi khumi zomaliza ana akhale pansi alembe ndime imodzi pa zimene aona, atchulemo ndi mawu a m'buku.

Pakapita milungu iwiri, kayendereni mphunzitsi aliyense m'kalasi mwake. Mukapeza madesiki ali m'mizere ngati kale, yambani ndinu kukankha yoyamba.