Kukonzekeretsa ongodzipereka kuti aphunzitse sayansi ya tinthu ting'onoting'ono

Kuno ku Nkhotakota ndimathandiza kuphunzitsa achinyamata ongodzipereka amene amalandira alendo m'chipinda chathu chaching'ono cha zionetsero, ndipo ndikamawakonzekeretsa pa nanosayansi, sayansi ya tinthu ting'onoting'ono tosaoneka ndi maso, sindiyamba ndi bolodi ayi. Munthu amene waloweza tanthauzo amalankhula bwino kwa mphindi imodzi, kenako mwana wa Sitandade 6 akamufunsa funso amangoti kakasi. Ndimafuna aliyense akhale ndi chionetsero chimodzi chimene manja ake achizolowera.

Yambani ndi kukula kwa nanomita, muyezo wa tinthu timeneti, chifukwa apa m'pamene mitu imaima. Mu milimita imodzi muli mananomita 1,000,000. Tsitsi limodzi la munthu ndi lonenepa mananomita pafupifupi 80,000, ndipo chikhadabo chimakula pafupifupi nanomita imodzi pa sekondi. Manambalawa paokha salowa m'mutu. Mpatseni aliyense kapepala ka masentimita 10 ndi sizasi, adule pakati, atenge theka, adulenso. Ambiri amagonja asanadule ka 10. Kuti afike pa nanomita imodzi akanayenera kudula ka 27. Asiyeni avutike nako kaye kapepalako, nambalayo muwauze pambuyo.

Chionetsero chimene ndimachikonda kwambiri ndi cha tsamba la koko, loti mungothyola kudambo m'mawa womwewo. Donthezani madzi: amasanduka timipira n'kumagudubuzika, tsamba osanyowa. Wazanipo fumbi, mudonthezenso, muona madziwo akulinyamula. Pamwamba pa tsambali pali timabampu tokutidwa ndi phula losaoneka ndi maso, ndiye dontho limakhala pansonga pa timeneti, pansi pake pali mpweya. Tsopano tikitani mbali imodzi ndi chala mwamphamvu. Madzi ayamba kukakamira pamenepo, poti mwaphwanya timabampu tija. Wodziperekayo aphunzire kufunsa asanatikite kuti, "Amayi, mukuganiza kuti chichitike n'chiyani?" ndipo adikire yankho. Kudikirako n'kumene kumawavuta ambiri. Pakangokhala zii pang'ono amathamangira kufotokoza. Thyolani masamba angapo, lofota silichita bwino.

Za nalimata sizifuna zida. Aliyense anamuonapo akuyenda kudenga chadodolido, ndipo ambiri amati ali ndi ulimbo kuphazi. Alibe. Zala zake zili ndi tiubweya tochuluka zedi timene timagawikanso kunsonga, ndipo timayandikira khoma kwambiri mpaka timphamvu tokokana ta pakati pa mamolekyu (tizidutswa tochepetsetsa timene timapanga zinthu), totchedwa van der Waals, timamugwira. Chithunzi chokulitsidwa cha phazilo n'chokwanira, musamagwire nyamayo.

Akuluakulu amatchera khutu mukatchula malungo. Pa tizipangizo tambiri toyezera malungo mwachangu kuchipatala, mzere wofiirira uja umachokera ku tinthu ta golide ting'onoting'ono kwambiri. Golide akachepa kufika pamenepo saonekanso wachikasu, amafiira, ndipo wasayansi wa ku England Michael Faraday analemba za zimenezi mu 1857. Apa m'pamene pagona phunziro lonse: chinthu chomwecho chikachepa kwambiri chimasintha khalidwe. Onetsani chithunzi chokha. Kachipangizo kogwiritsidwa kale ntchito kali ndi magazi a munthu, sikoyenera kukhala patebulo pamene ana akugwiragwira. Wina akayamba kufunsa za matenda ake, wodziperekayo amulozere kuchipatala.

Akadziwa zionetserozi, akhale awiriawiri, wina akhale mlendo. Mlendoyo asakhale wofatsa. Akhale gogo wosamva bwino, kapena msodzi wa ku Chia amene akufulumira ndipo akufunsa kuti zimenezi zimuthandiza chiyani pa ukonde wake. Ine ndimaima pambali n'kumamvetsera kuti ndani walankhula kwambiri. Ngati ndi wodziperekayo, abwereze. Ndimawaletsanso kuthawira ku Chingerezi funso likawapanikiza, chifukwa nthawi zambiri ndi njira yobisira kuti iwonso sanamvetse.

Aphunzitseninso kunena kuti, "Pepani agogo, chimenecho sindichidziwa, ndikafufuza." Patebulo pazikhala kope lolembamo mafunso otere, ndipo pamsonkhano wotsatira muziyamba ndi kopelo. Wodzipereka watsopano ayambe waimirira pambali pa wakale Loweruka lina, Loweruka lotsatira asinthane, wakaleyo angogwira botolo la madzi.