Momwe mungawedzere pa Shire anthu atadzaza, osayambana ndi munthu

Loweruka m'mawa kumunsi kwa baraji ya Liwonde simungapeze gombe lopanda munthu. Pamakhala ana asukulu ndi nsungwi zawo, abambo ochokera ku Zomba ndi ku Balaka ndi ndodo zawo za m'sitolo, amayi ochapa, ndiye eni mtsinje, asodzi a mabwato amene ana awo amadya za m'madzi momwemo. Za kumanga mbedza ndi kutunga nyongolotsi sindinena, aliyense wokulira kumudzi amazidziwa. Nkhani ndi ya kakhalidwe ndi anthu onsewa mpaka dzuwa kupendeka popanda kutukwanizana.

Choyamba: fikani ndi odi

Gombe lilibe mpanda koma lili ndi eni ake. Amene mwamupeza atakhala, malowo ndi ake tsiku limenelo, kaya akhale mwana wa Sitandade 6. Imani chapatali, mawu akhale apansi: "Wawa achimwene, mwadzuka bwanji? Tingakhale nawo chakumunsiku?" Ambiri amangoloza ndi mutu. Akati "apo pali mono wanga," sunthani basi, musafunse umboni.

Funso loti "mwapha zingati?" lisiyeni kunyumba, ndipo m'ndowa ya munthu simusuzumira. Mukafuna kudziwa ngati tsiku lili bwino, ingofunsani kuti "zikudya?" Akayankha kuti "pang'onopang'ono," mwina ndowa yadzaza kale, koma imeneyo si nkhani yanu. Ndodo kapena chingwe cha mnzanu chikakhala pansi, musachilumphe. Akuluakulu ena amati mwamuchotsera mwayi. Kaya mumakhulupirira kaya ayi, zungulirani, mwendo suthyoka.

Chachiwiri: onani kumene madzi akulowera

Danga la pakati pa inu ndi mnzanu silipimidwa ndi mapazi, amalamula ndi madzi. Shire apa amathamanga, ndipo liwiro lake limasintha malinga ndi mmene atsegulira zitseko za baraji, imene yakhalapo kuyambira 1965 ndipo ndi yomwe imawongolera madzi opita ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira kokapanga magetsi. Malo amene dzulo munali kutali ndi mnzanu, lero chingwe chanu chikhoza kukafika pamphuno pake. Musanaponye, tayani kamtengo m'madzi muone njira yake. Kakalowera kwa munthu, ndiye kuti chingwe chanunso chikalowera komweko. Wobwera mochedwa amakhala kumunsi. Ngati malo atsala kumtunda kokha, onjezani cholemetsa kuti nyambo ikhazikike pansi isayendeyende.

Cholemetsacho musavutike nacho. Mtovu wa m'sitolo wakwera mtengo ngati china chilichonse, pamene pulagi yakutha ya njinga yamoto kapena nati yadzimbiri imagwira ntchito yomweyo, ndipo amakaniko amakupatsani ulele. Choyandamitsa dulani pa patapata wakale. Pamene muyenera kusamala ndi pa twaini. Mavenda ena amagulitsa twaini wakhala padzuwa miyezi, wooneka bwinobwino koma wofumbwa. Mangani mfundo pomwepo, kokani mwamphamvu wogulitsa akuona. Mbedza zina zotchipa nazo zimawongoka mlamba ukangogwedeza mutu. Izi zikukhudza ulemu chifukwa chingwe choduka sichipita kutali, chimakakola cha mnzanu kumunsi.

Mnzanu akakola nsomba yaikulu, kokani chingwe chanu mumupatse mpata mpaka aivuule. Malangizo osawapempha, aja akuti "ikokereni uku," asungeni.

Chachitatu: mbedza ikakodwa pa matchera a munthu

Apa ndiye pagona nkhani, ndipo ine zinandionekera. Chingwe changa chinalowa pansi pa namasupuni n'kukana kutuluka. Poyesa kuti ndi chitsa, ndinakoka pang'onopang'ono, chinthucho n'kumabwera. Potulukira, chinali chingwe cha matchera, botolo lake la chizindikiro litabisika m'masamba. Mnyamata amene ndinali naye, pofuna kuthandiza, anasolola mpeni n'kudula maso angapo a ukonde kuti apulumutse mbedza. Muukondemo munali mlamba ukuphiriphitha. Nthawi yomweyo mwini wake anatulukira pa bwato. Taganizani zimene anaona: ukonde wake uli pagombe, wodulidwa, nsomba ili m'kati, alendo awiri ataugwira, wina mpeni uli m'manja.

Sanafunse kuti zakhala bwanji. Anangokuwa, ndipo mabwato ena anafika mosakhalitsa. Kuba maukonde ndi kuonjola nsomba za eni ndi bala lalikulu pakati pa asodzi, moti mawu oti "inali ngozi" anawamva kale kambirimbiri kwa akuba enieni. Tinathera pansi pa mtengo kwa wapampando wa komiti ya pagombe, ija amati BVC. Makomiti amenewa musawaderere. Anayamba mu 1993 ku nyanja ya Malombe ndi kumtunda kwa Shire, ndipo lamulo la za usodzi la 1997 limavomereza kuti anthu a m'midzi azitenga nawo mbali posamalira nsomba. Amagwira ntchito limodzi ndi mafumu komanso alangizi a zausodzi, ndiye akakuitanani, pitani mwaulemu, chipewa m'manja. Tinalipira ulusi, ntchito yosoka, ndi nsomba zimene mwini ukonde akanapha tsikulo. Zonsezi chifukwa cha mbedza ya mtengo wa mandasi.

Ndiye mverani. Musanakhale pansi, yang'anani pamadzi bwinobwino. Botolo lapulasitiki limene silikuyenda ndi madzi, chidutswa choyera choyandama pamalo amodzi, bango lozikidwa lomangidwa kansanza kumutu, zonsezo zikunena kuti pansipo pali katundu wa munthu, kaya matchera, mono kapena chingwe cha mbedza zambiri chotchera usiku. Namasupuni amabisa zizindikirozi, choncho pamene pawirira funsani amene mwawapeza. Safunsa anadya phula.

Mbedza ikakodwa, dzanja lanu likuuzani chimene chagwira. Chitsa kapena mwala sugwedera, umangoti nji. Ukonde umalola pang'ono, kenaka n'kubwerera, ndipo ukabwera umabwera molemera mofanana, osagwedeza ngati nsomba. Mukamva zotero, lekani kukoka. Dulani chingwe chanu, osati chake. Ukondewo musautulutse m'madzi ngakhale pang'ono, ndipo nsomba yokodwamo musaikhudze, ngakhale ikuoneka kuti ifa kapena ng'ona iyamba ndiyo. Itanani woyandikana nanu aone, kuti mukhale ndi mboni: "Bambo, taonani, mbedza yanga yatsala pa matchera apa, ndadula changa."

Chinthu chimene ambiri amaiwala: mbedza yanu yatsala muukonde, ndipo mwini wake adzaukoka ndi manja, mwina kusanache. Muuzeni. Ngati simukumudziwa, siyani uthenga padooko, amadziwana onse. "Mukawauze a matchera a pabango paja kuti muli mbedza chakumapeto, asabayidwe." Munthu amene mwamuchenjeza choncho ndi yemwe mawa adzakulozerani pamene makumba akudya.

Ngati mwang'amba kale, musathawe. Mtsinje ndi wautali koma anthu ake amadziwa nkhope ndi njinga ya mlendo aliyense. Dikirani mwini wake, yambani ndinu kulankhula, pepesani, kambiranani za ulusi nkhani isanafike ku komiti. Imathera pamtengo wochepa.

Zingwe ziwiri za owedza zikapiringizana, nkhani yake ndi yaing'ono. Mmodzi amasule, winayo alekerere chingwe. Zikakanika, wodula ndi amene chingwe chake chinayenda kukapeza chinzake. Nsomba ndi ya mwini mbedza imene ili m'kamwa.

Chachinayi: padooko si powedzera

Pamene amayi amatunga madzi, kuchapa ndi kusambitsa ana, komanso pamene mabwato amakocheza, pasiyeni ngakhale nsomba zikuchita kulumpha. Njira yanu ikadutsa kufupi ndi posambira amayi, kuwani "odi kumadziko!" muli patali, dikirani akuyankheni. Bwato likamadutsa, tsitsani ndodo kapena kokani chingwe, wopalasa sangaime pamadzi othamanga chifukwa cha inu. Inu a ndodo za m'sitolo, cheukani musanaponye, ana amakonda kuima kumbuyo kwenikweniko kuti aone chopotera chingwecho.

Matumbo a nsomba musataye padooko, amaitana ng'ona pamene anthu amalowa m'madzi. Ndipo mukaona ng'ona kapena mvuu, kuwani kuti gombe lonse limve, ndi uja munakangana naye m'mawa yemwe.

Zotsalazi mwachidule

Kumtunda kwa tauni kuli malire a Liwonde National Park, imene a African Parks akhala akuyang'anira kuyambira 2015. M'menemo simuwedzedwa, ndipo wokuuzani kuti "ndikudziwa polowera" sadzakhala nanu pamlandu. Katupe ndi neti ya udzudzu n'zoletsedwa, musagule nsomba zake. Kasawala bwezerani m'madzi, chambo chosafika masentimita 15 lamulo silikulolani kutenga. Sipika ya nyimbo isiyeni m'galimoto. Mnzanu nyambo ikamuthera, mugawireni. Ogulitsa nyongolotsi m'zitini, khuthulani kaye muone, ena amadzaza dothi n'kuika zitatu pamwamba. Mwana amene wakusungirani njinga kapena kukuvuulirani nsomba, mupatseni ya ndiwo. Pochoka tolani zidutswa za twaini ndi mbedza zothyoka, ana pagombepo amayenda opanda nsapato, ndipo tsanzikani kwa amene munawapeza.