Aphunzitsi a masamu, musamathamangire kunena kuti "wakhoza"

M'kalasi ya masamu, mawu amene amatseka ana pakamwa msanga ndi akuti "wakhoza". Mwana mmodzi akangotchula yankho, inu n'kuvomera, ena onse amaika mapensulo pansi chifukwa nkhani yatha. Ndiye ngati mukufuna kuti ophunzira azikambirana, yambani ndi kudzigwira nokha. Yankho likabwera, lilembeni pa bolodi osaonetsa pankhope ngati ndi lolondola kapena ayi, kenako mufunse kuti, "Alipo wapeza zina?" Aliyense woyankha afotokoze mmene wapezera.

Samu yake muisankhe bwino, ikhale yoti ili ndi njira zingapo. Tengani 18 × 5, muwauze awerengere m'mutu. Wina achulukitsa 10 ndi 5, kenako 8 ndi 5, n'kuphatikiza 50 ndi 40. Wina atenga 20 × 5 n'kuchotsapo 10. Wachitatu agawa 18 pakati, 5 n'kuiwirikiza, samu yasanduka 9 × 10. Onse afika pa 90. Apa m'pamene pali phindu: afunseni chifukwa chake njira yachitatuyi ikugwira, ndiponso ngati ingagwire pa 14 × 15. Alekeni atsutsane.

Mukafunsa funso, dikirani. M'zaka za m'ma 1970, wofufuza wa ku America, Mary Budd Rowe, anapeza kuti aphunzitsi ambiri amadikira pafupifupi sekondi imodzi yokha, kenako aloza mwana wina kapena adziyankha okha. Akadikira masekondi atatu kapena kuposerapo, mayankho ankatalika, ndipo ana amene nthawi zonse amangokhala chete ankayamba kuyankhula. Masekondi atatu amamveka ochepa, koma mukaima kutsogolo kalasi ili zii, amatalika ndithu. Pirirani.

Kwa ana amanyazi komanso m'makalasi odzaza, njira imene katswiri wa maphunziro wa ku America, Frank Lyman, anafotokoza mu 1981 imathandiza: mwana aganize payekha kaye, auze mnzake amene wakhala naye pafupi, kenako m'pamene kalasi yonse imve. Imeneyi si nthawi yoti inu mukhale pansi n'kumachonga makope ayi. Yendayendani, mvetserani, musankhiretu amene ayankhule ndiponso amene ayambe. Ine ndimakonda kuyamba ndi njira imene ana ambiri atsata, ngakhale ikhale yozungulira, yachidule ibwere pambuyo.

Yankho lolakwa musalifufute msanga. Ana ambiri amalemba kuti 1/2 + 1/3 = 2/5, chifukwa aphatikiza manambala apamwamba paokha, apansinso paokha. Lembani zimenezi pa bolodi osatchula dzina, mungonena kuti mwaziona m'makope angapo. Ndiye mufunse: pakati pa 2/5 ndi theka, chachikulu n'chiti? Akazindikira kuti 2/5 sikufika theka, funso lina libwera lokha: tinali ndi theka, tawonjezerapo china, nanga zachepa bwanji? Mwana amene wafika pa 5/6 atalimbana ndi funso limeneli savutika kumvetsa chifukwa chake manambala apansi amayenera kufanana kaye. Koma zimatheka pokhapokha ngati kusekana n'koletsedwa kuyambira tsiku loyamba.

Chizolowezi china chofunika kuchisiya ndi chobwereza mokweza chilichonse chimene mwana wanena. Ana akadziwa kuti aphunzitsi abwereza, samvetserana. M'malo mwake funsani wina kuti, "Tabwereza zimene wanena mnzakoyu m'mawu akoako. Ukugwirizana nazo?"

Ena amadandaula kuti silabasi ndi yaitali. Zoona, koma sikuti phunziro lonse likhale lokambirana. Mphindi khumi pa samu imodzi yosankhidwa bwino zimakwana. Zikatha, mangani mfundo inuyo: tchulani lamulo la masamu limene latuluka m'zokambiranazo, ana alilembe m'makope, kenako muwapatse masamu ena awiri kapena atatu oti aliyense ayesere payekha.