Mmene ndinasiyira kugunditsa mphuno pa sikirini

Vuto langa linali manambala. Pa monita ya mainchesi 24, ya madontho opanga chithunzi 1920 x 1080, ndikamatera ndi kandege ka Cessna 172 mu gemu ya pakompyuta yoyendetsa ndege ya Microsoft Flight Simulator, ndinkachita kuweramira kutsogolo kuti ndione liwiro la ndege. Podzutsa mutu, bwalo ndalipitirira kale.

Poyamba ndinabwereka TV ya mainchesi 32 kwa alamu anga. Kukula inalidi yaikulu, koma madontho ake anali omwe aja a 1080, ndiye zilembo zinangofufuma ngati mandasi, osawerengeka.

Monita ya 4K ndinaisirira, kunama ayi. Koma ili ndi madontho oposa 8 miliyoni, kuwirikiza kanayi a 1080. Graphics card yanga, imene imapanga zithunzi mu kompyuta, ikanalira nayo, ndege n'kumayenda modukizadukiza.

Ndinagula ya mainchesi 32, ya 2560 x 1440. Madontho ake ndi othithikana mofanana ndi monita yakale ija, pafupifupi 92 pa inchi, kungoti malo ndi ambiri. Tebulo ndilo linachepa, moti ndinakhomerera thabwa kumbuyo kwake kuti monita italikireko. Dzulo ndatera nditatsamira mpando, tiyi ali pambali.